Ziyankhulo Zinai za Woyang'anira Makompyuta Wongoyamba Ntchito ku Jacobs

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza ntchito imodzi imene achinyamata ambiri otuluka m'sukulu za ukachenjede akuilakalaka masiku ano, ndiponso kuonetsa kuti zambiri mwa zopunthwitsa zake zoyamba nza chiyankhulo. Ntchitoyi ndi ya munthu wosamala makompyuta onse a pa kampani, amene Angerezi amamutcha *system administrator*. Ndasankha dera la Jacobs, kumwera kwa mzinda wa Durban, chifukwa kumeneko Mmalaŵi wongoyamba kumene ntchitoyi, kaya adaphunzira ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuzu University, kaya ndi mwana wa matchona amene adaphunzira ku Durban University of Technology, amayenda ndi ziyankhulo zinai tsiku limodzi. Makina amaŵalamula m'chiyankhulo chao, mabwana amaŵalembera m'Chingerezi, anzake a m'fakitale amacheza nawo m'Chizulu, ndipo iye mwini amaganiza m'Chicheŵa. Chachinaichi sichilembedwa pa kalata yofunsira ntchito, komabe ndicho tichiyang'anitsitse.

Malo ake ndi ntchito yake

Jacobs ndi dera la mafakitale, nyumba zosungiramo katundu ndi mabwalo a malole, loyandikana ndi Clairwood, Wentworth ndi Mobeni, kufupi ndi doko. Kale lidatchuka ndi mafakitale a nsalu ndi mabulangete a kampani ya Frame, amene antchito ake adaloŵa nawo m'sitalaka yaikulu ya ku Durban ya chaka cha 1973. Lero katundu wambiri wa kumeneko ndi wa m'makontena, ndipo wina amakwera malole, nadzera ku Beitbridge ndi ku Tete, mpaka kudzaloŵa m'Malaŵi pa Mwanza kapena pa Dedza.

Pa kampani ya malo otere wongoyamba kumene sapatsidwa ntchito zozama. Amatsegulira antchito atsopano maakaunti, amasintha mapasiwedi oiŵalika, amadzutsa pulinta imene yakana kutulutsa mapepala a katundu malole ali ndandanda pa geti, ndipo m'maŵa uliwonse amayang'ana ngati seva yagona bwino. Seva ndi kompyuta imene imatumikira makompyuta ena: ndiyo imasunga mafayilo, makalata ndi kaundula wa katundu. Digiri imangomufikitsa pa khomo. Ambiri amaonjezerapo ziphaso monga CompTIA A+, CCNA kapena RHCSA, ndipo mayeso a chomalizachi ndi ochita ndi manja pa makina enieni. Wochokera ku Malaŵi ali ndi chitunda china choti akwere, pakuti digiri yake iyenera kuyesedwa ndi bungwe la SAQA, ndipo sangayambe ntchito popanda chilolezo cha ku Home Affairs.

Kulemera kwa ntchitoyi kudaoneka poyera pa 22 Julaye 2021, pamene mbava za pa intaneti zidaloŵa m'makompyuta a Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji. Doko la Durban, limene limalandira makontena oposa theka la onse oloŵa ndi kutuluka m'dziko la South Africa, lidabwerera ku pepala ndi cholembera, ndipo padapita masiku oposa khumi zinthu zisanabwerere m'chimake. Amalaŵi nawonso adalaŵako zoterezi. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adagwidwa ndi anthu ofuna dipo. Aliyense amene adadikira pasipoti miyezi imeneyo akudziŵa kuti wosamala seva si munthu wamba.

Nanga munthuyu timutche yani m'Chicheŵa? Pakamwa pa anthu ndi "a IT" basi. Mau akuti *mlonda* amagwira gawo limodzi la ntchito yake, koma amamutsitsa. Akuti *kapitao* amanena woyang'anira anthu, osati makina. Tikadatha kupanga dzina lakuti *msungimakina* potsanzira *msungichuma*, ndipo silikadalakwira lamulo lililonse la kapangidwe ka maina. Ine ndatsata *woyang'anira makompyuta*, chifukwa ngakhale ndi lalitali, aliyense amalimva popanda womasulira.

Mau obwerekera

Maina obwerekera a ntchitoyi sativutitsa. *Kompyuta, seva, fayilo, pasiwedi, netiweki* ndi *pulogalamu* onse amatenga agwirizanitsi a gulu la I-Zi akakhala amodzi, monga *seva yathu, fayilo yanga*, koma pochulukitsa amathaŵira ku *ma-*: *maseva athu, mafayilo anga*. Chizulu chimachitanso chimodzimodzi pa mau monga *ikhompyutha*, ambiri *amakhompyutha*. Kusiyana kooneka msanga ndi kwa mpweya. Chizulu chimasunga mpweya wa Chingerezi pa *kh*, *ph* ndi *th*, monga mu *iphasiwedi* ndi *inethiwekhi*, pamene Chicheŵa chimachita mwina ndi mwina: tili ndi *khadi* ndi *khoti*, komanso *kompyuta* ndi *pasiwedi*.

Aneni ndiwo ali ndi zambiri zotiphunzitsa. Mneni wa Chingerezi akangolandira *ku-* kumayambiriro ndi *-a* kumapeto, amasanduka mbadwa, ndipo amamvera malamulo onse a misintho, ngakhale lija la kugwirizana kwa malembo a liwu:

(1) kudilita, kudilitidwa, kudilitika, kudilitira
(2) kufomata, kufomatidwa, kufomatika, kufomatitsa
(3) kuinstola, kuinstoledwa, kuinstoleka, kuinstolera

Tsinde likathera pa *i*, *u* kapena *a*, msintho umatenga *i*. Likathera pa *e* kapena *o*, umatenga *e*, monga momwe *kumenya* kumaperekera *kumenyedwa*. Palibe mphunzitsi amene adakhazika ana pansi kuŵauza kuti *kuinstolidwa* nkulakwa, koma khutu limakana lokha. Amene amadandaula kuti mau otere akupha Chicheŵa ayenera kulingalira bwino mfundo imeneyi. Kwa ine umenewu ndi umboni wakuti malamulo a chiyankhulo chathu ali moyo ndithu.

Pali mau ena amene amagundana ndi eni mudzi. *Kukopa* kudali kale ndi tanthauzo lake la kunyengerera, nchifukwa chake ambiri amati *kukopera fayilo*. *Kuseva* kumanena kusunga zimene walemba, pamene *seva* ndi makina otumikira aja, ndipo aŵiriŵa sali pa chibale chilichonse m'Chingerezi.

Poyera ndi m'chibisira

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikuiona kuti ndi yaikulu. Mabuku a malamulo a Chicheŵa a m'sukulu amasiyanitsa msintho wochitidwa poyera, wa *-idwa* kapena *-edwa*, ndi msintho wochitidwa m'chibisira, wa *-ika* kapena *-eka*. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango adalemba za kusiyana kumeneku m'magazini ya *Language* mu 1996, ndipo Sam Mchombo adakufotokozanso m'buku lake la *The Syntax of Chichewa* la 2004. Tiyeni tione ziganizo izi:

(4) Fayilo yafufutidwa ndi kalaliki.
(5) Fayilo yafufutika.

Chiganizo (4) chili ndi wochita, ndipo ngakhale titachotsa mau akuti *ndi kalaliki*, womva amadziŵabe kuti pali dzanja la munthu. Chiganizo (5) chilibe malo a wochita. Sitinganene kuti *fayilo yafufutika ndi kalaliki*, kapena kuti *yafufutika dala*. Chizulu chili ndi kusiyana komweku pakati pa *ifayela lisuliwe* ndi *ifayela lisulekile*.

Pa mudzi msintho wa m'chibisira ndi chida cha mtendere. Mwana akati *mbale yasweka*, amai amadziŵa amene waiswa, koma mlandu wachepa. Pa ntchito ya makompyuta msintho womwewu uli ndi mbali ziŵiri. Wogwiritsa ntchito kompyuta akabwera kudzadandaula, pafupifupi nthaŵi zonse amayankhula m'chibisira: *yafufutika, yatsekeka, yaonongeka, zasokonekera*. Woyang'anira wanzeru samukakamiza kusintha chiganizocho, pakuti munthu woopa mlandu amabisa zimene adachita, ndipo zimene adachitazo ndizo zikadalozera pamene pagona vuto. Amangomufunsa kuti, "Isanafufutike, pa sikirini pamaoneka chiyani?" Funso lotere limasiya manyazi a munthu pamalo pake, koma limatulutsa mndandanda wa zochitika.

Koma iye mwini akamalemba lipoti, msinthowu umasanduka msampha. Makina amasunga buku lao la zochitika, limene amalitcha *log*, ndipo m'buku limenelo zinthu sizingochitika zokha: muli nthaŵi, dzina la akaunti ndi lamulo limene lidaperekedwa. Wongoyamba kumene amene amaganiza kuti *zafufutika*, nalemba m'Chingerezi mau ofanana nawo, amaoneka ngati sadaŵerenge bukulo kapena akubisa munthu. Ndipo nkhaniyi imafika mpaka ku malamulo a dziko. Lamulo la South Africa loteteza mbiri ya anthu, lotchedwa POPIA, limene lidayamba kuluma pa 1 Julaye 2021, limakakamiza kampani kudziŵitsa ofesi ya Information Regulator pamodzi ndi eni mbiriyo ngati pali chifukwa chokhulupirira kuti munthu wosaloledwa waiona kapena waitenga. Choncho kusiyana kwa *zatayika* ndi *zatengedwa* kungathe kukhala kusiyana kwa vuto la m'nyumba ndi mlandu wa ku boma. Malaŵi nayenso adakhazikitsa lamulo lake la mtundu umenewu mu 2024.

Banja la m'makina

Maseva ambiri amayendera Linux, imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 potsata Unix ya Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ya ku Bell Labs ya 1969. Mau a Unix ndi odzaza ndi mafanizo, ndipo wophunzira amene amangoŵaloŵeza ngati maina opanda tanthauzo amadzimana thandizo. Mafayilo onse amakhala ngati mtengo umene chiyambi chake ndi *root*, ndiye kuti muzu, kungoti mtengowu amaujambula chadodolido, muzu kumwamba. Akaunti yokhala ndi mphamvu zonse dzina lake ndi lomwelo.

Pulogalamu iliyonse imene ikuyenda imabadwa kuchokera ku inzake, motero pali kholo ndi mwana. Kholo likafa mwana akali moyo, mwanayo amatchedwa wamasiye, ndipo amatengedwa ndi pulogalamu yoyamba kubadwa makina akayaka, ya nambala 1. Mcheŵa savutika kumva zimenezi. Pulogalamu ya nambala 1 ndi mwinimbumba, amene ana a mlongo wake akasoŵa woŵalera amagwera m'manja mwake.

Pali mau ena aŵiri amene womasulira wosasamala angapunthwe nawo. Oyamba ndi *daemon*, pulogalamu imene imagwira ntchito mwakachetechete popanda woiyang'anira, monga yolandira makalata kapena yosunga nthaŵi. Kuimasulira kuti *chiŵanda* nkulakwa, pakuti mauŵa adachokera ku Chigiriki, kumene ankanena mzimu wotumikira, wosati woipa ai. *Mtumiki* akukwanira. Achiŵiri ndi *zombie*, mau amene akatswiri ambiri amati adachokera ku ziyankhulo za Chibantu za ku Congo ndi Angola, naoloka nyanja pamodzi ndi akapolo. Msangamsanga munthu angaganize za *ndondocha*. Koma ndondocha, monga amanenera, ndi munthu woyesedwa wakufa amene akugwirabe ntchito, pamene *zombie* ya m'makina ndi yakufa ndithu ndipo sigwira ntchito iliyonse. Chimene chatsala ndi dzina lake m'kaundula, chifukwa kholo lake silidabwere kudzafunsa za mathero ake. Fanizo loyandikira ndi la maliro amene adaikidwa koma sadametedwe. Fanizoli limaphunzitsanso mankhwala ake: wakufa sungamuphenso, koma uyenera kudzutsa kholo kuti litsirize mwambo, ndipo likakanika, ulichotse kuti mwinimbumba autsirize.

Ngakhale lamulo lakuti *kill* silinena kupha nthaŵi zonse. Likaperekedwa lokha limatumiza chizindikiro cha nambala 15, chimene ndi pempho lakuti pulogalamu ilongedze katundu wake ichoke. Chizindikiro cha nambala 9 ndicho chimaidula pomwepo, ndipo zimene inkalemba zingathe kutsala za theka. Wongoyamba kumene amakonda nambala 9 chifukwa siikanika, monga mwana amakondera nkhwangwa pa ntchito ya mpeni.

Mafanizo ena akutha. Mau akuti *master* ndi *slave*, bwana ndi kapolo, ankanena makina olamula ndi otsatira. Chiyankhulo cha makina cha Python chidaŵachotsa m'mabuku ake mu 2018, ndipo GitHub idasiya dzina la *master* mu 2020 nkutenga *main*. Ku Jacobs nkhaniyi si yakutali, pakuti pa Bluff, pafupi pomwepo, mpamene padakhala akapolo oomboledwa amene adayamba kufika mu 1873, ambiri a iwo Amakua a kumpoto kwa Mozambique, amene zidzukulu zao zimadziŵika ndi dzina lakuti Zanzibari.

Kusunga ndi kusungitsa

Pamene Chingerezi chili ndi *save*, *store*, *archive* ndi *backup*, ife kaŵirikaŵiri timangoti *kusunga*. Bwana akafunsa kuti, "Kodi kaundula uja mudasunga?" wantchito amavomera ndi mtima woyera, chikhalirecho aŵiriwo akunena zinthu zosiyana. Wina akunena fayilo imene ili pa seva, wina akunena fayilo ina yofanana nayo imene ingatsale seva itapsa.

Komatu Chicheŵa sichisoŵa mau ake. Msintho wochititsa umatipatsa *kusungitsa*, ndiye kuti kupereka chinthu kwa wina kuti akusungire. Tilinso ndi *kuikiza*, monga munthu amaikiza mbuzi zake ku mudzi wina kuti matenda akagwa m'khola la kwao asatsale manja lende. Lamulo lodziŵika pa ntchitoyi, la 3-2-1, limanena zomwezo: chinthu chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iŵiri, ndipo chimodzi chikhale kutali. Anthu a kumwera kwa Durban adaona chifukwa chake mu Epulo 2022, pamene madzi osefukira adapha anthu oposa 400, nakokolola makontena, naimitsa fakitale ya Toyota ku Prospecton kwa miyezi ingapo. Kampani imene idasunga zonse m'chipinda chimodzi chapansi idasunga ndithu, koma siidasungitse.

Mau achitatu ndi *kubwezeretsa*. Mlimi amene amamanga mbeu m'chikwatu, osaiyang'ananso mpaka mvula yoyamba, angathe kupeza fumbi la anankafumbwe lokhalokha. Chimodzimodzinso zosungitsa zimene sizidayesedwepo kubwezeretsa. Ndikadakhala wolemba wina ntchitoyi, funso langa loyamba likadakhala lakuti, "Mudabwezeretsapo liti?" osati lakuti, "Mumasunga kangati?"

Malembo atatu

Pali zinthu zitatu za kalembedwe kathu zimene makina sazikhululukira. Choyamba ndi *l* ndi *r*. M'Chicheŵa aŵiriŵa ndi liwu limodzi, ndipo malamulo a kalembedwe amangoti *r* alembedwe pambuyo pa *i* ndi *e*. Nchifukwa chake dzanja la Mmalaŵi, ngakhale wophunzira kwambiri, limaŵasinthanitsa osazindikira. Pa makina a Linux pali ndandanda ya ntchito zimene zimachitika zokha pa nthaŵi yake, monga kusungitsa mafayilo usiku. Lamulo lakuti *crontab -l* limaonetsa ndandandayo. Lamulo lakuti *crontab -r* limaifufuta yonse, osafunsa. Anthu a ziyankhulo zina amagwa m'dzenje lomweli chifukwa pa kiyibodi *r* adagundizana ndi *e*, lembo lokonzera ndandandayo, koma ife tili ndi njira ziŵiri zogweramo.

Chachiŵiri ndi nkhodolero. Kwa ife kachizindikiro aka ndi gawo la lembo: *ng'oma* yoimba si *ngoma* ya m'tchire. Koma m'ziyankhulo za makina, monga SQL ndi chija cholamulira Linux, nkhodolero imatsegula ndi kutseka mau ogwidwa. Pulogalamu yolembedwa mosasamala ikalandira dzina longa Ng'oma kapena Mang'anda imayesa kuti dzinalo lathera pa nkhodoleropo, ndipo zotsalazo imaziŵerenga ngati lamulo. Kaŵirikaŵiri imangokana dzinalo, ndipo kalaliki amachotsa nkhodolero kuti ntchito iyende, mwini dzina nasanduka munthu wina pa pepala la malipiro. Koma woyang'anira wochenjera amaona zoposa pamenepo. Mng'alu umene dzina la Ng'oma lagweramo ndi womwewo umene mbava imaloŵerapo polemba malamulo ake m'malo mwa dzina, njira imene imatchedwa *SQL injection*. Motero Mmalaŵi wa dzina la nkhodolero amayesa chitetezo cha kampani tsiku lomwe walembedwa ntchito.

Chachitatu ndi *ŵ* wa tsindwi, amene bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, lidamuika m'malamulo ake a kalembedwe, ndipo olemba ambiri a lero adamusiya. Ndandanda ya malembo ya ASCII ya 1963 idali ndi malo 128 okha, ndipo iyeyu mudalibe. Mu Unicode alimo, pa nambala U+0175, ndipo tiyenera kuthokozako anthu a ku Wales amene amamugwiritsanso ntchito. M'kalembedwe ka UTF-8, kamene Ken Thompson ndi Rob Pike adakapanga mu 1992, lemboli limasungidwa m'magawo aŵiri. Pulogalamu yakale ikaŵerenga gawo lililonse palokha, dzina la dziko lathu limatuluka lili *MalaÅµi*. Woona zimenezi asathamangire kuchotsa tsindwi. Vuto lili pa kusagwirizana kwa makina aŵiri, ndipo likaonekera pa lembo ili lidzaonekeranso pa dzina la kasitomala wa ku Maputo kapena wa ku Abidjan.

Chizulu cha m'fakitale ndi ulemu wa kwathu

Amalaŵi akale a ku migodi ankalamulidwa m'Chifanakalo, chiyankhulo cha malamulo okhaokha. Mdzukulu wao wa ku Jacobs amafunika Chizulu chenicheni, chifukwa ntchito yake ndi kumvetsera madandaulo. Chibale cha ziyankhulo ziŵirizi, N31 ndi S42 m'kaundula wa Malcolm Guthrie, chimamuthandiza kwambiri. Ngakhale dzina la Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa komweko adauyambitsa mu 2004, ndi *umunthu* wathu womwe, gulu lake la maina ndi lomwelo. Koma chibale chomwechi chili ndi mbuna zake. Mzulu akati *vula* akunena kutsegula, akati *vala* akunena kutseka, osati za malaya ai. *Ukulanda* ndi kukatenga chinthu, ndipo ndiwo mau amene amagwiritsa ntchito pa kutsitsa fayilo ku intaneti, pamene kwa ife *kulanda* ndi chiwawa. *Ukufunda* ndi kuŵerenga kapena kuphunzira.

Dandaulo lofala koposa ndi liwu limodzi, *ayisebenzi*, ndiye kuti siikugwira ntchito, lofanana ndi lathu lija lakuti *netiweki palibe*. Ntchito ya woyang'anira ndi kumasulira liwu limodzili kuti likhale funso loyankhika. Kodi ndi kompyuta imodzi kapena onse? Kodi seva ya m'nyumba ikuyankha? Kodi magetsi alipo? Mu 2023 dziko la South Africa lidaona kuzima kwa magetsi kwa masiku oposa 300, ndipo pamenepa Mmalaŵi amene adakhalapo mu mdima namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 sadali mlendo. Nthaŵi zina vuto limakhala kutali kosafikika. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zidaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti idafooka ku Mozambique, ku Tanzania mpaka ku Malaŵi. Tsiku lotere luso lonse la woyang'anira limathera pa kufotokozera anthu momveka kuti palibe chimene angakonze.

Pa kakonzedwe ka mau a zaumisiri Chizulu chili patsogolo pathu. University of KwaZulu-Natal idalamula kuti kuyambira 2014 wophunzira watsopano aliyense aphunzireko Chizulu, ndipo idakhazikitsa nkhokwe ya mau a maphunziro osiyanasiyana. Kwathu ntchito yotere ili m'manja mwa Centre for Language Studies, imene idaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndi kutulutsa *Mtanthauziramawu wa Chinyanja* mu 2000. Ikadzafika pa mau a makompyuta, ndikadakonda kuti iyambire pa aneni onga *kusungitsa* ndi *kubwezeretsa*, m'malo motaya nthaŵi kufunafuna dzina la Chicheŵa la *kompyuta*, limene anthu sadzaligwiritsa ntchito.

Chotsala ndi ulemu. Mwana wa Chicheŵa amakula akudziŵa kuti wamkulu ndi *inu*, ndipo kuti pempho la wamkulu silikanidwa maso ndi maso. Akafika ku Durban amadabwa kumva mnyamata akunena *wena* kwa bambo wa imvi, osadziŵa kuti m'Chizulu ulemu umakhala pa mau akuti *baba*, *mama* kapena *mnumzane*, osati kwenikweni pa kuchulukitsa. Makina nawo amalamulidwa ngati mwana, ndi mneni wopanda *-ni*: koperera, chotsa, tseka. Koma pulogalamu ikamayankhula ndi munthu m'Chicheŵa iyenera kunena kuti *loŵani*, *lembani*, *dikirani*, apo ai anthu adzaiyesa yamwano.

Vuto lenileni limabwera pamene ulemu wakumana ndi chitetezo. Mbava zambiri za pa intaneti sizithyola makina, zimangopempha. Munthu amaimba lamya, nadzitchula kuti ndi mkulu wa ku likulu, nanena mwaukali kuti waiŵala pasiwedi ndipo sitima ikunyamuka. Kapena ndi bwana weniweni, amene akufuna kuti amutsegulire makalata a wantchito wina. Woyang'anira wa zaka 23, mlendo m'dziko la eni, amene chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chamangika pa ntchito yomweyo, ndiye ayenera kukana. Maphunziro a ku koleji samukonzekeretsa zimenezi, ndipo chizoloŵezi cha kwao chimamukokera ku kuvomera.

Komabe Chicheŵa chomwecho chili ndi njira yokanira wamkulu popanda kumunyoza, ndipo akuluakulu a pa bwalo la milandu amaidziŵa bwino. Wokanayo sadziika yekha pa malo a mwininkhani. Sanena kuti *sindikupatsani*. Amati, "Pepani bwana, lamulo la kampani silikundilola kupereka pasiwedi pa lamya. Ndikuimbirani pa nambala yanu ya mu ofesi tsopano lino, ndipo tikonza." M'chiganizo choyamba wokana ndi lamulo, wantchitoyo ndi womangidwa chabe. M'chachiŵiri iye amabwerera pa malo a mwininkhani, koma ngati wothandiza. Chiganizochi chimamasulirika m'Chingerezi ndi m'Chizulu popanda kutaya kanthu. Ngati woimbayo adali bwana weniweni, lamya ya mu ofesi idzayankhidwa, ndipo ntchito idzachedwa ndi mphindi ziŵiri zokha.